Django ikuchulukitsa makilo a khofi mu lipoti langa

wa_ku_Katoto:
Abale, ndithandizeni. Ndikupangira gulu lina la alimi a khofi kasisitimu ka Django (chida cha Python chopangira mawebusayiti). Matebulo ndi anayi: Mlimi, Kalabu, Khofi (makilo amene mlimi wabweretsa ulendo uliwonse) ndi Ngongole (ya feteleza). A mlembi akufuna pepala limodzi la Excel, mlimi aliyense mzere wake. Ndalemba chonchi:

Mlimi.objects.values("dzina", "kalabu__dzina").annotate(makilo=Sum("khofi__kg"), zobweza=Sum("ngongole__ndalama"))

Koma mayi wina, m'kaundula muli makilo 90, lipoti likuti 180. Ngongole yawo yakwera katatu. Msonkhano uli Loweruka, anthu akaona zimenezi sindituluka bwino muholomo.

luwinga_dev:
Ikani distinct=True mkati mwa Sum, achimwene, zithera pomwepo.

mchemwali_SQL:
Ayi, osayerekeza! distinct imataya manambala ofanana. Mayiwo akakhala kuti anabweretsa makilo 30 maulendo atatu, mupeza 30 basi, mwawadyera khofi wawo.

Vuto ndi JOIN, kulumikiza kwa matebulo kumene database imachita. Sungani zomwe mwalembazo mu qs, kenako lembani print(qs.query) muone SQL (malamulo ofunsira database) yomwe ikupita ku database. Ndikuganiza mayiwo anabweretsa khofi katatu, ngongole anatenga kawiri. Mukalumikiza matebulo awiriwo pa mlimi mmodzi, mzere uliwonse wa khofi ukukumana ndi mzere uliwonse wa ngongole, mizere ikukhala 6. Ndiye khofi akuwerengedwa kawiri, ngongole katatu. Ngakhale malangizo a Django amachenjeza za zimenezi.

Werengerani chilichonse pachokha ndi Subquery (funso laling'ono mkati mwa funso lalikulu) ndi OuterRef (yolozera mlimi wa m'funso lalikulu), zinabwera mu Django 1.11. Kalabu ilibe mlandu, mlimi ali ndi imodzi yokha, sichulukitsa kanthu.

Chinanso: values musanafike pa annotate imaunjika anthu potengera dzina. Kwathu kuno a Nyirenda awiri a dzina limodzi m'kalabu imodzi si zachilendo, adzasanduka munthu mmodzi. Onjezerani "id".

chibavi_01:
Ine Subquery imandizunguza mutu ndikabwerera ku code patapita miyezi. Alimi akakhala mazana ochepa, ndimangofunsa database kawiri, makilo paokha, ngongole payokha, kenako n'kulumikiza mu Python ndi dict ya id ya mlimi. Mukamazungulira alimi ndi for, musaiwale select_related("kalabu"), apo ayi mzere uliwonse upita kukafunsa kalabu payekha.

wa_ku_Katoto:
Ndaona m'kaundula, ndi katatu ndi kawiri ndendende, achemwali. Ndatsata njira ya a chibavi_01, 90 yabwerera. Kwatsala alimi amene sanatengepo ngongole, akutuluka None (kutanthauza kuti palibe kanthu). Ndiike 0, kapena ndisiye mpata kuti a mlembi asiyanitse?