Mwana wa achemwali amuimitsa ku koleji, komiti ikumana Lachinayi. Nditani?

Membala wosatchula dzina

Abale, ndithandizeni nzeru, masiku andithera. Ndimakhala ku Mufakose ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 21. Mayi ake ali kumudzi ku Dedza, ndiye mlandu uliwonse umagwera ine malume. Amaphunzira za makina pa koleji ina ya boma kuno ku Harare, dzina sinditchula.

Mnyamatayu ali ndi madiredi ofika m'mapewa. Chaka chachiwiri tsopano, amawapinda m'chipewa cha ulusi, palibe anamunenapo. Lolemba sabata yatha anapeza mlonda watsopano pageti, akuti vula chipewa. Atavula, akuti ndi tsitsi limeneli sulowa. Iye anali ndi mayeso a mu workshop 8 koloko. Anakangana, kenako galimoto ina ikulowa, iye anazembera pambali pake. Mlonda anamugwira chikwama, lamba nkuduka, ma spanner kumwazika pansi anthu akuona. Pamenepo akuti anayankhula mawu. Nditamufunsa mawu anji, wangoti "ndinakwiya, malume."

Lachisanu wabwera ndi kalata: wayamba waimitsidwa mpaka komiti ya chilango ikumane Lachinayi 10 koloko. Kalatayo ikungoti waphwanya malamulo a ophunzira, osatchula lamulo liti. Mayeso a HEXCO, bungwe la boma loyendetsa mayeso m'makoleji, ali pafupi, fizi ndinalipira kale, ndipo ndalama zake ndinachita kukongola.

Chondipweteka n'chakuti inenso ndine mlonda, ndimagona pageti la fakitale ku Workington. Ndikudziwa kuti mlonda amangochita zomwe wauzidwa. Koma mwanayu ndi wanga.

Kodi ine angandilole kulowa nawo? Amete Lachinayi lisanafike? Anzake akumuuza kuti akangonena kuti ndi Rasta nkhani yatha.

Gogo wa ku Mabvuku

Mumeteni basi. Tsitsi limamera, chaka cha sukulu sichimera. Makolo athu anabwera wapansi kuchokera ku Nyasaland kudzavutika m'mapulazi ndi m'migodi kuti ana aphunzire, lero mwana ataye sukulu chifukwa cha zingwe za m'mutu?

Mnyamata wa ku Highfield

Agogo, ndi ulemu wonse, makhoti anaweruza kale. Mu 2007 Supreme Court ya kuno inagamula kuti mwana wa banja la chi Rasta amene anathamangitsidwa pa sukulu ya pulayimale ku Glen Norah abwerere ndi madiredi ake. Mu 1995 khoti lomwelo linaikira kumbuyo loya amene anamukaniza kulembetsa ntchito chifukwa cha tsitsi. Ngakhale kwathu ku Malawi, khoti lalikulu ku Zomba mu 2023 linalamula kuti ana a chi Rasta azilandiridwa m'sukulu za boma. Malume musaope.

Mayi wa ku Dzivarasekwa

Achimwene a ku Highfield, milandu yonse mwatchulayo inali ya chipembedzo. Malume, tiuzeni zoona, mnyamatayo ndi Rasta?

Membala wosatchula dzina

Ayi mayi. Amaimba kwaya ku CCAP. Tsitsilo n'lokongoletsa chabe.

Mayi wa ku Dzivarasekwa

Ndiye asayerekeze n'komwe. Akamufunsa mafunso awiri okha agwidwa, ndipo bodza pamaso pa komiti ndi mlandu wina pamwamba pa woyambawo.

Ine ndinaphunzitsapo pa koleji zaka zambiri, ndinakhalamonso m'komiti zoterezi. Malume, mukuyang'ana pa tsitsi pomwe mlandu suli pamenepo. Nkhani ya kavalidwe payokha nthawi zambiri imathera pa chenjezo. Chimene chimaimitsa mwana ndi chomwe chinachitika pageti: kulowa atakanizidwa, ndi kunyoza wantchito. Apo m'pamene komiti ikaime nthawi yaitali. Ndipo musadabwe mukamva kuti wina anajambula pa foni, ana a masiku ano sakuphonya.

Mawa m'mawa mnyamatayo alembe kalata yaifupi kwa Dean of Students kapena kwa Registrar, apemphe kuti amuuze polemba lamulo lomwe akuti waphwanya, ndi nambala yake, komanso amupatse zomwe mlonda analemba. Apange makope awiri, imodzi aidinditse sitampa abwere nayo. Uku si kuchita mwano. Gawo 68 la Constitution ya 2013 limati aliyense amene bungwe la boma lamuchitira chinthu chomupweteka ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa polemba, ndipo Administrative Justice Act imafuna kuti munthu adziwitsidwe mokwanira ndi kupatsidwa mpata woyankha. Munthu angakonzekere bwanji mlandu umene sakuudziwa? Akakupatsani mochedwa, apemphe mwaulemu kuti tsiku lisunthe.

Zoti inu mulowe, yankho lili m'kabuku ka malamulo komwe anasayinira tsiku lolembetsa. Makoleji amasiyana. Kwina amalola mmodzi wa SRC, bungwe loimira ophunzira, kukhala pambali pa wophunzira, kwina kholo limadikira panja chifukwa wa zaka 21 ndi munthu wamkulu. Kabukuko kali kuti?

Membala wosatchula dzina

Akuti kanasowa chaka chatha. Ndamuuza kuti akabwereke kwa anzake usiku uno, asagone asanakapeze.

Makaniko wa pa Siyaso

Ine ndingonena za workshop. Tsitsi lalitali pafupi ndi lathe, makina ozungulira osemera zitsulo, si nkhani ya fasho, makina aja akakoka sabweza. N'chifukwa chake amaletsanso mphete, tayi ndi manja a malaya olendewera. Ngati lamulo lawo likuti tsitsi limangidwe ndi kuphimbidwa, mwana wanu amalitsatira kale ndi chipewa chija. Mphunzitsi wa workshop amene wakhala akumuona zaka ziwiri atha kumulembera mawu awiri. Koma akamupemphe yekha, osatuma malume.

Mlongo wa ku Epworth

Alondanso ena amanyanya. Ife atsikana amatibweza pageti chifukwa cha siketi, mnzako wovala yofanana akulowa. Lamulo lake limakhala m'maso mwa amene ali pa duty tsiku limenelo.

Mayi wa ku Dzivarasekwa

Zimenezo zimachitikadi mwana wanga, ndipo mfundo yoti zaka ziwiri palibe anamuletsa akaitchule. Koma ayambe ndi kupepesa za pageti, osati kuloza ena chala. Chigamulo chikatuluka choipa, afunse nthawi yomweyo masiku ochitira apilo, amakhala ochepa. Pamenepo ndiye mungapite ku Legal Resources Foundation kapena ku Legal Aid Directorate, komwe amathandiza anthu pa za malamulo. Panopa loya sanafunike.

Gogo wa ku Mabvuku

Ine ndanena kale. Lumo ndili nalo.

Membala wosatchula dzina

Ndabweranso, lero Lachitatu. Kabuku tinakapeza. Pa za tsitsi kakungoti likhale laukhondo, ndipo mu workshop likhale lophimbidwa. Mawu oti madiredi mulibemo. Kalata ija anapereka, adinda, ndipo masana ano amuyankha: milandu ndi iwiri, kusamvera wantchito wa koleji ndi mawu achipongwe. Tsitsi silinatchulidwe n'komwe. Mayi a ku Dzivarasekwa munalasa.

Mawu aja wandiuza tsopano. Anati kwa mlondayo, "ndiwe gadi chabe, sunapite kusukulu." Anandiuza atayang'ana pansi, ine nditavala yunifomu ndikupita ku ntchito. Sindinamuyankhe, ndinangotenga chikho changa cha tiyi nkutuluka.

Walemba kalata yopepesa kwa mlondayo, ndaiwerenga, ndamubweza kawiri chifukwa munali "koma" wambiri. Wa SRC alowa naye. Ine akuti sindiloledwa, komabe ndasinthana shifiti ndi mnzanga, ndikakhala pa benchi panja. Achemwali ku Dedza sindinawauzebe. Kodi ndiwaimbire usiku uno, kapena ndidikire chigamulo?