Mwana akabanika pakati pa usiku: tidikire kuche kapena tinyamuke?

Mayi wa ku Chimwala:

Odi akuluakulu, makamaka inu a zachipatala. Nyengo yozizira ino ana ambiri kuno akudwala chifuwa, ndipo amayi takhala tikutsutsana. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amagona madzulo ali ndi kachimfine chabe, pakati pa usiku n'kudzuka akutsokomola mouwa ngati galu, mawu atasasa, ndipo akamakoka mpweya pakhosi pamalira. Ena akuti ungomufukiza ndi madzi otentha a masamba a bulugamu, upite naye kukacha. Ena akuti usachedwe. Kabaza wa usiku ndi wodula, komanso akuti ana ena pofika kuchipatala amakhala atapezako bwino. Tingadziwe bwanji kuti apa m'pofunika kunyamuka? Nanga kumeneko amakamutani mwanayo?

Namwino wa kuwodi ya ana:

Amayi, zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda amene timawatchula kuti croup. Kachilombo ka chimfine kamatupitsa kholingo pamunsi pa potulukira mawu. Njira ya mpweya ya mwana ndi yopapatiza kale, ndiye kutupa pang'ono pokha kumaipana. Amagwira kwambiri ana a miyezi 6 mpaka zaka 3, ndipo amakula usiku. Koma musavutike n'kudziwa dzina la matenda, chifukwa chibayo, mphumu ndi malungo nazonso zimabanikitsa. Chofunika ndi kumuona mwanayo bwinobwino. Yatsani tochi, m'kwezeni malaya mpaka chifuwa chonse chioneke, mum'khazike pamiyendo panu mpaka atonthole. Mwana akulira simungamuyeze.

Yambani ndi kuwerenga kapumidwe. Yang'anani pamimba, kukwera ndi kutsika muwerenge kamodzi, ndipo muwerenge mphindi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Musawerenge theka n'kuchulukitsa, chifukwa makanda amapuma modukizadukiza. Wosakwana miyezi 2 akafika 60, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, ameneyo akupuma mwabefu. Ngati mwakayika, bwerezani.

Kenako onani m'munsi mwa nthiti, pamene chifuwa chimakumana ndi mimba. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa ndi mimba zimatukukira kunja limodzi. Wobanika, malo amenewa amalowa mkati nthawi iliyonse akakoka mpweya, mpaka nthiti za m'munsi kuonekera. Zikamachitika mwana ali phee, osati pongolira kapena poyamwa, musadikire kuche.

Zina zonyamukira nthawi yomweyo, ngakhale chitaoneka chimodzi chokha: kulira kwa pakhosi kuja kukumvekabe mwana atatonthola, akubuula potulutsa mpweya, timabowo ta mphuno tikutanuka, mutu ukugwedera ndi mpweya uliwonse, lilime, nkhama kapena mkati mwa milomo mwachita bii kapena motuwa (pakhungu lathu lakuda musayang'ane masaya, tsegulani pakamwa), akukanika kuyamwa kapena kumwa, dovu likungotuluka osameza, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena sakudzuka mukam'gwedeza. Khanda losakwana miyezi 2 lokha ndiye musayese n'komwe kuonera kunyumba, kaya ndi befu, kaya thupi latentha kapena lazizira.

Chimene chimapusitsa makolo ambiri ndi ichi. Mwana amene walimbana ndi mpweya kwa maola angapo amatha kungoti zii, phokoso lija n'kuchepa, anthu n'kumati wagona. Nthawi zina kumakhala kutopa, mpweya wolowa wachepa kwambiri moti sukuchitanso phokoso. Mum'dzutse. Akadzuka n'kukuyang'anani, n'kuyamwa, ali bwino. Akakhala wolefuka, nyamukani.

Ngati pakhosi pakulira pokhapokha akamalira, akumwa bwino, nthiti sizikulowa, ndipo kapumidwe sikanafike pa manambala aja, mutha kum'khazika chotsamira pachifuwa panu, kumuyamwitsa pafupipafupi, n'kupita naye m'mawa. Koma mugone naye pafupi, muzimuona usiku wonse.

Zofukiza ndi madzi otentha, chonde ayi. Nthunzi sichotsa kutupa kwa kholingo, mwana wom'funditsa bulangete amachita mantha n'kulira, kulirako kumawonjezera kubanika, ndipo poto wa madzi owira pafupi ndi mwana wophiriphitha ndi ngozi yamoto.

Mlangizi wa zaumoyo wa ku Namwera:

Anesi anena zonse. Ine ndiwonjezere za ulendo, poti boma lathu la Mangochi ndi lalikulu. Wa ku Makanjira kapena ku Katuli sangaganize mofanana ndi wokhala pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi.

Kukiliniki ya m'mudzi timathandiza ana a miyezi 2 mpaka zaka 5 amene ali ndi befu chabe, malungo kapena kutsegula m'mimba. Mwana wa zizindikiro zoopsa zija ife timangom'tumiza, ndiye usiku musataye nthawi kufunafuna mlangizi ngati chipatala chikufikika. Pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, osati chimene mumachikonda. Akaona kuti sangathe, iwo ndiwo aitanitse ambulansi kapena akulembereni kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi. A mbali ya Nankumba ndi Cape Maclear ali ndi Monkey Bay, a kutsidya kwa nyanja ali ndi St Martin's ku Malindi, a mbali ya kumapiri kuno tili ndi Mulibwanji. M'zipatala za boma simulipira. Za mishoni zimalipiritsa, koma zina zili ndi mgwirizano ndi boma pa chithandizo china, ndiye kafunseni masana mwana ali bwino, kuti usiku musamaime pakhomo n'kumawerengera ndalama.

Panjinga yamoto, mwana wobanika musam'bereke kumbuyo n'kum'phimba mutu ndi chitenje. Simukumuona, ndiponso nsalu yomanga imapana chifuwa. M'gwireni kutsogolo, chokhala, mutu usagwere pachifuwa, thupi lofunda koma nkhope ili poyera. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala alionse amene mwam'patsa, ndi mapepala ake omwe. Ngati mwam'mwetsa a zitsamba, kanenani, adokotala akufunika kudziwa.

Zoti ena amapezako bwino panjira n'zoona. Kamphepo kozizira ka usiku ndi kum'gwira chokhala zimachepetsa croup kwa kanthawi. Musabwerere, loweni akamuone, chifukwa kutupa kukadalipo ndipo usiku wotsatira kumatha kubwerera.

Ndipo nambala za akabaza awiri zizikhala m'foni, ndi kandalama kapadera kosakhudza.

Bambo wa ku Maldeco:

Pepani kulowerera. Nanga ngati m'nyumba muli mankhwala, monga Panado, Bactrim wotsala kapena mankhwala a chifuwa a m'botolo, sitingayambe tam'patsa? Komanso anthu ambiri amaopa okosijeni, amati mwana akangoikidwa timachubu m'mphuno ndiye kuti basi.

Kiliniko ofesa:

Achimwene, Panado mutha kum'patsa ngati thupi latentha ndipo akumeza bwino, pa mlingo wa msinkhu wake, osapitirira kanayi pa tsiku. Koma Panado amangotsitsa kutentha, satsegula njira ya mpweya, ndiye asakhale chifukwa chochedwera. Bactrim wotsala ayi: croup ndi wa kachilombo kamene mankhwala amenewo sakapha, ndipo ngati ndi chibayo chachikulu mapiritsi awiri otsala sangathandize. Mankhwala a chifuwa a m'botolo ndi Piriton amagonetsa, zomwe zimabisa chizindikiro chimene tikufuna kuona. Mwana wolefuka musam'kakamize kumwa kanthu kalikonse, amatsamwa n'kulowetsa madziwo m'mapapo. Musam'pisenso chala kukhosi.

Mukafika musakhale pamzere. Pitani kwa namwino kapena mlonda munene kuti mwana akubanika. Ana amasankhidwa potengera kukula kwa vuto, osati kuti wafika ndani poyamba. Njira imeneyi imatchedwa ETAT, inayambira konkuno ku Malawi, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kubanika kuli m'gulu loonedwa nthawi yomweyo.

Amam'pana kachipangizo pachala kapena pachala cha kuphazi koyeza mpweya m'magazi. Ukatsika kuchepera 90 pa 100, mwana amafunika okosijeni, amene amadutsa m'timachubu tiwiri tofewa ta m'mphuno. Mantha amene mwanenawo ndi ofala, ndipo gwero lake n'lomveka: okosijeni amaikidwa kwa ana odwalitsitsa, ena mwa iwo ofika mochedwa, ndiye akamwalira anthu amaloza chubu. Chomupha ndi matenda amene anafika nawo. Okosijeni ndi mbali ya mpweya womwewu tikupumawu, makina amangousefa kuti ukhale wochuluka. Mwana akaikidwa, musachotse timachubu poyamwitsa kapena anamwino akatuluka.

Chotsatira chimadalira chimene tapeza. Wa croup amalandira mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa dexamethasone kamodzi, mlingo wake potengera sikelo, ndipo amayamba kugwira ntchito pakapita maola ochepa. Ngati wabanika kwambiri amam'pumitsa mankhwala ena otchedwa adrenaline kudzera m'makina a nthunzi yamankhwala. Ameneyu amathandiza msanga koma mphamvu yake imatha pakadutsa maola awiri, n'chifukwa chake timam'sunga mwanayo kuti timuone ngakhale akuoneka kuti wachira. Apa makolo ambiri amafuna kuthawira kunyumba, pirirani. Wa chibayo chachikulu amagonekedwa n'kumalandira jakisoni. Wa mphumu, amene chifuwa chake chimalira potulutsa mpweya osati pokoka, amalandira mankhwala otsegula njira za mpweya otchedwa salbutamol.

Kunyanja kuno mwana aliyense wotentha thupi timamuyezanso malungo, ndipo pali chifukwa. Malungo aakulu amapumitsa mozama, mokoka kwambiri, chifuwa chili choyera, ndipo amathetsa magazi. Onani zikhatho ndi mkati mwa zikope: zikayera mbee mwana akupuma mwabefu, angafunike kuwonjezeredwa magazi, zomwe zimachitika ku chipatala chachikulu. Kutema mphini pachifuwa kumangotayitsa nthawi ndi magazi omwe achepa kalewo.

Pali mtundu wina wa kubanika umene sufuna ulendo poyamba koma manja anu. Mwana anali bwinobwino, alibe chimfine, amadya mtedza, chimanga chokazinga kapena amaseweretsa kandalama, mwadzidzidzi wabanika. Ameneyo watsamwa. Ngati akutsokomola mwamphamvu, m'siyeni atsokomole. Ngati sakutulutsa mawu, wosakwana chaka m'gonekeni chafufumimba pamkono panu, mutu cham'munsi, mum'menye kasanu pakati pa mapewa ndi chikhatho. Mum'tembenuze, mukanikize kasanu ndi zala ziwiri pafupa la pakati pa chifuwa, pamunsi pang'ono pa mzere wa mawere. Wopitirira chaka, kasanu kumsana, kenako mum'gwire chakumbuyo n'kukanikiza kasanu pamwamba pa mchombo, mokokera mkati ndi m'mwamba. Bwerezani mpaka chituluke, ndipo ngakhale chitatuluka kamuonetseni. Amene wamwa parafini musam'sanzitse, chifukwa posanza ndi pamene amalowa m'mapapo.

Mayi wa ku Chimwala:

Zikomo kwambiri nonse, ndikawawerengera anzanga. Funso lomaliza: akatitulutsa, kunyumba tisamale chiyani kuti zisabwererenso?

Namwino wa kuwodi ya ana:

Chifuwa cha croup chimatha kukhalapo mpaka sabata, koma kubanika kuyenera kumachepa tsiku ndi tsiku. Mausiku awiri oyamba muzimuonabe monga ndanenera. Mukapatsidwa amoxicillin wosungunula wa chibayo, sungunulani piritsi m'madzi pang'ono aukhondo kapena mu mkaka wa m'mawere, mum'patse m'mawa ndi madzulo, ndipo mumalize masiku onse amene alembedwa m'buku ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Akasanza pasanathe theka la ola, m'patseninso. Bwererani tsiku limene akuuzani, kapena msanga ngati befu likukula, wasiya kumwa kapena thupi latenthanso.

Wa mphumu amene wapatsidwa kopopera ka salbutamol, mwana wamng'ono sangathe kukoka mankhwala mukam'popera m'kamwa mwachindunji, ambiri amangotsalira palilime. Pemphani akuonetseni kupanga chothandizira ndi botolo lapulasitiki la 500 ml: kopopera kamalowa pabowo la kumatako kwa botolo, mwana amapumira kukamwa kwa botololo. Khutchumulani, poperani kamodzi, apume kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kenako mupoperenso.

M'nyumba, mdani wamkulu ndi utsi. June ndi July, mwera ukamawomba, anthu amalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene umatha kupha banja lonse lili m'tulo, ndipo mwana ndiye amayamba. Amayi owamba nsomba, mwana asakhale kumsana pamene muli pa uvuni. Osuta fodya asutire panja, ndipo m'malo mofukiza koyilo ya udzudzu gonani m'masikito. Tsegulaninso buku lake muone ngati analandira katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14. Mmenemo muli woteteza ku chifuwa chokoka mtima ndi wa chibayo. Wa chibayoyu anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011. Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, ndiye funsaninso za ameneyo. Ngati pali amene anaphonya, pitani naye kusikelo akangochira, am'patsa kuyambira pamene analekezera.