Funso: salary, wage, gross ndi net pa kalata ya ntchito

Wofunsa: Abale a pa gulu, ndithandizeni. Mng'ono wanga wapatsidwa kalata ya ntchito yolembedwa "gross salary K400,000", pomwe mnzake wa ntchito yomanga amati amalandira wage. Zimasiyana pati? Komanso n'zoona kuti mawu oti salary anachokera ku mchere? Sindikufuna asaine chinthu chimene sakuchimvetsa.

Yankho loyamba: Za mcherezo zili ndi pogwira, achimwene. Salary anachokera ku mawu a Chilatini oti salarium, ndipo sal ndiye mchere. Koma nkhani yofala ija yoti asilikali a ku Roma ankalipidwa mchere weniweni ilibe umboni m'zolembedwa zakale, choncho musamaifalitse ngati yotsimikizika. Wage anabwera ndi Chifalansa cha ku Normandy, chimene chinalowa mu England kuyambira 1066, ndipo tanthauzo lake loyamba linali chikole. Mu mortgage, ngongole yopinyolitsa nyumba, mulinso mawu omwewa: mort ndi chakufa, gage ndi chikole. Masiku ano salary ndi malipiro okhazikika a pamwezi, pomwe wage amawerengera maola kapena masiku amene munthu wagwiradi.

Yankho lachiwiri: Ine ndikhazikike pa gross, chifukwa apa ndi pamene anthu amalirira mwezi woyamba. Gross anachokera ku gros, Chifalansa, kutanthauza chachikulu, chonenepa. Net ndi choyera, chopeta kale. Ganizirani chimanga: gross ndi thumba lisanapite ku chigayo, net ndi mphale mutachotsa gaga. Pa K400,000 ija abwana amayamba achotsa PAYE, msonkho wopita ku MRA. PAYE amaimira Pay As You Earn, njira imene inayamba ku Britain mu 1944. Kenaka penshoni: wantchito amasonkha 5 peresenti, olemba ntchito amaonjezera 10 peresenti kuchokera m'thumba mwawo. Ngati K400,000 yonseyo ndiyo akuwerengerapo penshoni, K20,000 ichoka kwa mng'ono wanu, K40,000 aika abwana. Cholakwika chofala n'choti munthu amakapeza nyumba ya lendi kapena kutenga ngongole akuwerengera gross. Asanasaine apemphe kuti amulembere net papepala.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga gratuity? Mawuwo aliponso m'munsi mwa kalata.

Yankho lachitatu: Gratuity ndi wa banja limodzi ndi grateful ndi grace, onse ochokera ku gratus. Poyamba inali mphatso yothokoza chabe, n'chifukwa chake kumalesitilanti a kunja mawuwa amatanthauzabe kangachepe kopatsa woperekera zakudya. Koma ikalembedwa mu kontilakiti si mphatsonso, ndi ndalama zimene abwana ayenera kumulipira kontilakiti ikatha. Aone zinthu ziwiri: ndi maperesenti angati, ndipo akasiya ntchito nthawi isanathe alandira gawo lake kapena ayi. Penshoni ndi nkhani ina. Mawuwo anachokera ku pendere, kuyeza pa sikelo, popeza kale siliva ankachita kumuyeza polipira. Expense ndi spend akuchokera komweko.

Yankho lachinayi: Kuonjezera pang'ono, achimwene. Akadzaona arrears pa pepala la malipiro asadabwe. Ndi Chifalansa chakale chotanthauza kumbuyo, ndiye kuti ndalama zotsalira za miyezi yapitayo, mwachitsanzo malipiro atakwezedwa mu April koma n'kuyamba kuperekedwa mu July. Nazonso zimadulidwa msonkho, ndiye asayembekezere kuti zifika zonse.