Thandizeni a ku California: bodi ya apilo ya msonkho ndi ya chipukuta misozi ndi anthu omwewo?

Membala wobisa dzina

Moni nonse, a admin chonde dzina mundibisire. Nkhani ndi yayitali mundipirire, ndikufuna makamaka amene muli ku California kapena munakhalako.

Ine ndili ku Sacramento chaka chachisanu ndi chimodzi, ndimagwira ya usiku yosamalira okalamba. Mavuto awiri andigwera mwezi umodzi. Loyamba ndi la msonkho. Mafomu anga a 2022 anandidzazira bambo wina wa kaofesi kuseri kwa saluni, anandifunsa kuti muli ndi mwana ine inde, iye basi kulemba head of household, ija yochepetsa msonkho kwa munthu wosamalira banja yekha, refund inabwera yonona ine kumuthokoza mpaka kumugulira nkhuku. Koma mwanayo ali kwa agogo ake ku Ntcheu, ine ndimangotumiza fizi ndi ya chakudya. Franchise Tax Board (FTB), ofesi ya income tax ya boma la California, inandilembera Notice of Proposed Assessment, kalata yoti akufuna kundiwonjezera msonkho, ndinachita protest masiku 60 aja asanathe, ndinatumiza malisiti onse otumizira ndalama kumudzi, pano yabwera Notice of Action kuti ayi ndibwezebe madola 1,100 ndi chiwongoladzanja pamwamba. Bambo uja foni sakuyankha.

Lachiwiri ndi la mlongo wanga wamng'ono amene ndimakhala naye. Amachita delivery ya zakudya pa galimoto, anamuchita chipongwe usiku pa car park, kumuthyola nsagwada kumulanda foni ndi chikwama. Anamumanga mawaya mkamwa masabata 6, phala ndimachita kumusefera pa sefa ya tiyi kuti lidutse mu straw, munthu wa nsima ziwiri uja pano thalauza ikuvuka yokha. Mayi wina wa ku ofesi yothandiza ozunzidwa anatipatsa fomu ya California Victim Compensation Board, bodi ya boma ya chipukuta misozi cha ochitidwa chiwembu, ine ndi amene ndikudzaza chifukwa mwini wake kuyankhula kukuvutabe.

Ndiye dzulo pa break cha m'ma 3 koloko ndimawerenga pa intaneti ndapeza kuti State Controller, mkulu woyang'anira ndalama za boma la California, amakhala mu bodi ya Franchise Tax Board, yemweyonso amakhala mu bodi ya chipukuta misoziyi. Mtima unangoti phaa. Sizitheka kuti akaona sename yomweyo adilesi yomweyo, uku ndili ndi ngongole ya boma uku tikupempha ndalama za boma, angotikanira mlongo wangayu? Komanso ankolo ena a kutchalitchi akuti apilo ya msonkho ndipite ku Board of Equalization (BOE), iwo akuti anakaimako okha kale pamaso pa mamembala nkuwina, pomwe kalata yangayi ikunena ofesi ina. Ndindani kwenikweni amagamula zimenezi ndipo mphamvu zawo zimalekeza pati? Ndiyambe ndalipira msonkho kenako fomu ya mlongo wanga, kapena?

Wa Manambala ku Fresno

Achemwali pepani ndi za mlongo wanuyo. Choyamba siyani foni mukatenge kalatayo muone deti limene lili pamwamba. Apilo ya Notice of Action ndi masiku 30 kuchokera pa deti la pakalatapo osati tsiku limene munatsegula envelopu, zimenezi ndi zimene zimagwetsa anthu ambiri kuposa nkhani ya kuti mu bodi muli ndani.

Ankolo anuwo sakunama koma nkhani yawo ndi yakale. Board of Equalization ilipodi kuyambira 1879, ili ndi anthu 5, anayi amachita kuvoteredwa ndi anthu m'zigawo zinayi za California wachisanu ndi Controller, ndipo kale apilo ya income tax imapitadi kumeneko. Koma mu 2017 ofufuza za chuma atapeza zosalongosoka pa kayendetsedwe kake, nyumba ya malamulo inaidula mapiko, bwanamkubwa wa nthawi imeneyo Jerry Brown nkusaina. Ntchito yotolera sales tax inapita ku dipatimenti yatsopano ya CDTFA, ma apilo anapita ku Office of Tax Appeals (OTA) imene inayamba kumva milandu mu January 2018. BOE inatsala ndi zoyang'anira msonkho wa malo ndi nyumba m'ma county, kuwerengera katundu wa makampani ngati a njanji ndi a magetsi, msonkho wa mowa ndi wa makampani a inshuwalansi. Inu mukapita kumeneko angokulozerani khomo.

Ku OTA kulibe Controller kulibe wandale. Mlandu amaumva anthu atatu, nthawi zambiri majaji a administrative law olembedwa ntchito, ndipo ofesiyo siili pansi pa FTB, a FTB amabwera ngati mbali ina ya mlandu ngati inu nomwe. Mutha kusankha kuti agamule poona mapepala okha kapena mukayankhule nokha, Sacramento komweko amakhala.

Membala wobisa dzina

Ndaona, kalata yalembedwa masiku 11 apitawo. Ndiye Controller uja mu FTB amatani ngati sagamula?

Wa Manambala ku Fresno

Bodi ya FTB ndi ya anthu atatu, Controller ndiye wapampando, wina ndi mkulu wa Department of Finance, wina ndi wapampando wa BOE. Amenewa amakambirana za malamulo, bajeti ndi kayendetsedwe ka ofesi yonse. Fayilo ya madola 1,100 ya mayi wa ku Sacramento siifika pa tebulo lawo, amene anakulemberani kalata ndi ogwira ntchito wamba. Controller kuyambira 2023 ndi Malia Cohen, amene anali membala wa BOE yomweyo asanakwere, ndipo udindo umenewu umamukhazika m'mabodi ambirimbiri moti kwina amangotumiza nthumwi.

Koma ndikuuzeni zoona ngakhale zowawa. Apilo ndi ufulu wanu, koma pa zimene mwalemba apazi mwayi wowina ndi wochepa. Head of household imafuna kuti mwanayo akhale nanu nyumba imodzi kupitirira theka la chaka. Malisiti a fizi akusonyeza kuti ndinu kholo labwino koma sakuyankha funso limenelo, ndipo ku OTA wokhoma msonkho ndi amene amayenera kubweretsa umboni woti a FTB alakwitsa. Majaji aja alibe mphamvu yosintha lamulo kapena kukhululuka msonkho poti munthu akuvutika. Chiwongoladzanja nacho chimayendabe apilo ili mkati pokhapokha mutaikiratu ndalamayo ngati deposit.

Mjomba wa ku Area 25

Kuno mukanangopita ku Victim Support Unit pa polisi nkhani yatha kkkk. Bwererani kumudzi asisi nsima ilipo

NaPhiri wa ku Oakland

Mjomba nthabwala pa nsagwada ya munthu ayi. Ndipo Victim Support Unit ndi ina, kumene kuja amakupatsa uphungu ndi kukuthandiza pa mlandu, iyi ndi bodi yolipira mabilu.

Asisi ine ndinadzaziranapo fomu imeneyi ndi mnzanga wa kuntchito ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona. Bodiyo ndi ya anthu atatu, wapampando ndi Secretary wa Government Operations Agency, wachiwiri Controller uja wakuopsaniyo, wachitatu amasankhidwa ndi bwanamkubwa. Koma musaganize kuti atatuwa amakhala pansi kuwerenga fomu iliyonse, mafomu amabwera masauzande, amene amayang'ana ndi ma staff potsata malamulo olembedwa. Amafunsa kuti kodi mlandu unachitikadi, munthu anavulala, akugwirizana ndi apolisi pa kafukufuku, sanali nawo mu zoyambitsa chiwembucho, ndipo pali kwina kumene kungalipire. Ngongole ya msonkho ya chemwali wake wa wovulala mulibemo mu mndandanda umenewo. Fomuyo ndi ya mlongo wanu, inu ndinu wongogwira cholembera.

Chomwe muyenera kudziwa iwowa amalipira pomaliza. Inshuwalansi kapena Medi-Cal (thandizo la boma la zachipatala) ziyambe zalipira, chotsalacho ndiye amaona iwo, ndipo nthawi zambiri ndalama imapita straight ku chipatala kapena kwa dokotala wa mano osati m'manja mwanu. Malire ake ndi madola 70,000 pa munthu koma musawerengere kuti mulandira yonseyo, amalipira zimene zili ndi bilu. Zachipatala, mano, counselling, malipiro amene wataya osagwira ntchito, zimenezo inde. Foni ndi ndalama zobedwazo iwalani, katundu wobedwa sabweza. Ndalama zake zambiri sizichokeranso ku msonkho wanu uja, zimachokera ku zindapusa zimene opalamula amalipira ku khoti kuphatikiza thandizo la boma la federal pansi pa lamulo la 1984 la Victims of Crime Act. California ndi imene inayamba pulogalamu yotereyi mu America monse, 1965.

Nthawi yopereka fomu ndi zaka 7 kuchokera tsiku la chiwembu ndiye musapanikizike ngati ya msonkho ija, komabe musachedwe mabilu angapite kwa otolera ngongole.

Wa Manambala ku Fresno

Apa NaPhiri wanena bwino koma pali pamodzi pamene msonkho umalowadi, ndipo si wanu achemwali, ndi wa mlongo wanuyo. Ngati akupempha malipiro otayika a masabata amene anali pa mawaya aja, adzafuna kalata ya dokotala yoti samatha kugwira ntchito komanso umboni wa ndalama zimene amapeza. Wa delivery ambiri amatengedwa ngati odzilemba okha ntchito, ndiye umboni wake umakhala ma tax return. Ngati amadzaza msonkho chaka ndi chaka zili bwino, ngati samadzaza gawo limenelo lidzavuta ngakhale zachipatala zitadutsa. Mufunseni lero.

Gogo Chisale wa ku LA

Ine ndili mbali ya ankolo aja. Kale zinali bwino, umakaima pamaso pa munthu amene unamuvotera, amadziwa kuti pakatha zaka 4 adzafuna voti yako ndiye amamvetsera. Pano ukuyankhula ndi majaji amene palibe anawasankha, akakukana ukadandaula kwa ndani

Wa Manambala ku Fresno

Agogo ulemu wanu, koma amene amamvedwa bwino nthawi imeneyo ndi amene anali ndi maloya odziwa makomo a mamembala, osati mayi wa night shift. Munthu yemweyo kuyang'anira otolera msonkho yemweyonso kumva apilo yotsutsa otolerawo yemweyonso kusaka ndalama za kampeni, inu mukuona bwino pamenepo? OTA chigamulo chake imalemba ndi zifukwa zake nkuchiika pa webusaiti aliyense awerenge, milandu ya head of household ilipo yambiri achemwali atha kuwerenga okha aone mmene imathera. Akakukana uli ndi masiku 30 opempha kuti amvenso, zikakanika umalipira kaye msonkhowo, kupempha refund, kenako kukasuma ku Superior Court. Kulipira kaye ndiye lamulo la kuno, khoti sililetsa boma kutolera.

Gogo Chisale wa ku LA

Ndamva mwanawe koma madola 1,100 ndani angapite nawo ku Superior Court, loya yekha adya kuposa pamenepo. Kwa ife osauka atatu ajawo ndiye khoti lomaliza.

NaPhiri wa ku Oakland

Pamenepo agogo mwalasa.

Asisi ndinaiwala chimodzi. Ikadzabwera kalata yoti ma staff akuganiza zokana fomu kapena bilu ina, musalire nkuiponya mu drawer, muli ndi masiku 45 ochita apilo. Imapita kwa hearing officer, iye amalemba maganizo ake, bodi ya atatu ija ndi imene imavomereza komaliza, apo ndiye pamene mphamvu yawo imaonekera. Kupitirira apo ndi ku khoti. Nthawi zambiri chimavuta ndi lipoti la polisi kapena pepala lina limene silinafike, ndiye nambala ya lipoti ilembeni bwinobwino ndipo wapolisi wofufuza akaimba foni mlongo wanu ayankhe, olo polemba meseji poti pakamwa sipakutseguka. Mayi uja anakupatsani fomu mugwiritseni, ndi ntchito yake ndipo salipiritsa. Chinanso mlongo wanu akadzawina ndalama kwina pa nkhani yomweyi, kaya kusumira eni car park kaya chani, a bodi amafuna abwezeredwe zimene analipira, amasainitsa pa fomu pomwepo.

Mtsikana wa ku Leeds

Ine sindili ku America koma funso langa, fomu yotereyi siingamuike munthu m'mavuto a mapepala? Ambiri timaopa ma ofesi chifukwa cha chimenecho

NaPhiri wa ku Oakland

Ku California thandizo limeneli silitengera kuti munthu ali ndi mapepala otani okhalira m'dziko. Ma state ena ali ndi mabodi awo ndi malamulo awo, ine ndikunena za kuno.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, ngakhale a Mjomba mwandiseketsa pa nthawi yolakwika. Ndamufunsa mlongo wanga polemba pa pepala, akuti 2023 anadzaza, 2022 sanadzaze poti anali atangoyamba kumene, ndiye tisaka ma 1099 ake, mapepala osonyeza ndalama zimene analipidwa, mu katoni ya nsapato ija amasungiramo chilichonse. Fomu yake ndimaliza weekend ino, nambala ya lipoti la polisi ndaipeza pa kakhadi kamene wapolisi anasiya kuchipatala.

Za ine a Manambala ndamva, mwana sanagonepo m'nyumba muno olo tsiku limodzi ndiye ndikakanena chani kwa majaji atatu. Ndatsala ndi masiku 19 ndiganizebe, koma mtima ukundiuza kuti ndingopempha kulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Chikundidetsa nkhawa pano nchakuti bambo wa kuseri kwa saluni uja anandidzaziranso chimodzimodzi 2023, komanso ku IRS, ofesi ya msonkho ya boma la federal, analemba zomwezo zaka zonse ziwiri. Ndikonze ndekha mafomu amenewo asanandilembere kapena ndidikire kalata? A Manambala ngati muli maso ndiyankheni, ndikulowa shift 10 koloko.