Ma if-else andichulukira, ndithawire ku Strategy kapena Factory?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndili ku Limbuli kuno ku Mulanje, ndikuwalembera malume kapulogalamu ka Java ka mu shopu yawo ya feteleza ndi mbewu. Poyamba zinali zophweka, anthu ankalipira pamanja basi. Kenako tinaikamo Airtel Money, kenako Mpamba, kenako alimi a tiyi otenga pangongole n'kudzabweza akalandira za masamba. Pano malume akuti ndiikemonso metical, ndalama ya ku Mozambique, poti anthu a ku Milange amaoloka pa Muloza kudzagula. Method yanga ya lipira(), chigawo cha code cholandira malipiro, yatalika zoopsa, if-else okhaokha (mizere yoti ngati zili chonchi chita ichi, apo ayi chita icho), ndipo ndikakonza za ngongole, za Mpamba zimasokonekera. Ndawerengako za ma design pattern, njira zodziwika zosanjira code, koma Strategy ndi Factory ndikuziona ngati mapasa. Ndiyambire pati?

Wa ku Luchenza:
Achimwene, si mapasa ayi. Pangani interface imodzi (mndandanda wa ma method amene ma class ayenera kukhala nawo), tinene NjiraYolipira, yokhala ndi lipira(). Ndiye pamanja, Mpamba, Airtel Money, iliyonse ikhale ndi class yakeyake. Imeneyo ndiye Strategy. Factory ntchito yake n'kukupatsani object yoyenera kasitomala akanena mmene alipirire. Musanamizidwe kuti if-else atheratu, angosamukira mu Factory, malo amodzi, osamwazikananso.

Mlongo wa ku Bvumbwe:
Za metical zo musaziphatikize. Umenewo ndi mtundu wa ndalama, si njira yolipirira. Kusintha ndalama kukhale ndi class yake, ndipo mtengo wosinthira musaulembe mu code. Malume azilowetsa okha m'mawa, apo ayi muzidzutsidwa ndi foni tsiku lililonse.

Mkulu wina wa ku Chitakale:
Buku la Design Patterns la Erich Gamma ndi anzake atatu linatuluka mu 1994, muli ma pattern 23, zitsanzo zake za C++ ndi Smalltalk. Ine nditangolidziwa ndinkafuna kulowetsa onse mu pulogalamu imodzi. Patapita miyezi ingapo, code yangayanga inandikanika kuiwerenga, ma class mbwee opanda ntchito. Pa shopu ya malume, Strategy ndi Factory akwana. Koma Singleton, pattern yoti class ikhale ndi object imodzi yokha, mutalikire, amakoma poyamba, pofika pa ma test mudzalira.

Wofunsa:
Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Chatsala ndi ngongole. Mlimi amatenga thumba lero, n'kubweza theka pa Mpamba, theka lina pamanja mwezi wamawa. Imeneyi ikhalenso Strategy?

Wa ku Luchenza:
Ayi, potenga pangongole palibe ndalama yalowa. Ngongole ikhale class yosunga dzina la mlimi ndi zotsala, ndipo akabwera kudzabweza muziitana NjiraYolipira yomweyo. Yesani usiku uno ngati magetsi alipo, mutiponyere pano tione.