Kodi ndisinthe chokhethemulira cha mfuti yanga ya .22, kapena ndingokonza chomwe chilipo?

Mlimi wa ku Ngabu:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa ndi mfuti. Ndili ndi mfuti ya .22 ya bolt (chitsulo chomwe umakoka ndi kukankha ndi dzanja polowetsa chipolopolo) yomwe anandisiyira malemu amalume anga, yopangidwa m'dziko lomwe kale linkatchedwa Czechoslovakia, ndipo chiphaso chake chili m'dzina langa. Loweruka lililonse ndimakhoma pepala pa chulu chachikulu chomwe chili kumalire a munda wanga, n'kumawombera ndili pa mtunda wa mamita 50. Vuto langa ndi chokhethemulira, chomwe ambiri timangochitchula kuti trigger. Ndikayamba kukoka chimayenda mokhukhuluza ngati geti ladzimbiri, kenaka chimaima, ndipo pofika poti mfuti ilire dzanja limakhala litapotoka kale, moti zipolopolo zonse zimagwera kumanja kwa pomwe ndalunjika. Mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akuti angathe kundigulira china cha kampani ya Timney. Kodi n'zoyenera kuwonongerapo ndalama, nanga ndipemphe cholemera bwanji?

Mphunzitsi wopuma, Bangula:

Bambo a ku Ngabu, musanatumize ndalama ku Joni, yambani mwayeza kulemera kwa chomwe muli nachocho, chifukwa chala chimanama. Simufunika sikelo yodula. Chotsani magazini, tsegulani bolt, onani ndi maso komanso pisani ndi chala kuti mutsimikize kuti mulibe chipolopolo, kenaka ikanimo khoko la chipolopolo chowombedwa kale. Khokolo n'lofunika, popeza mfuti ya .22 imamenya m'mphepete mwa chipolopolo, ndipo mfuti zakale mukamazikhethemula zopanda kanthu, msomali womenyerawo umagunda chitsulo n'kuchiphwanya pang'onopang'ono. Imikani mfutiyo choloza kumwamba, kolowekani chingwe pa chokhethemulira, mangani chigubu chopanda kanthu kumunsi, n'kumathira madzi pang'onopang'ono mpaka chikhethemuke. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Bwerezani kasanu, ndipo chomwe muyang'anitsitse si kulemera kokha, koma ngati chikukhethemuka pa muyezo womwewo nthawi zonse.

Chachiwiri ndi dothi. Kuno kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mafuta omwe eni mfuti amakonda kuthira mowolowa manja amasungunuka, n'kutsikira m'kati, n'kusakanikirana ndi fumbi mpaka kusanduka phala louma ngati phula. Mfuti yomwe yagona kuseri kwa kabati kuyambira nthawi ya amalume anu mwina sinatsegulidwepo n'kamodzi komwe. Ichotseni m'thabwa lake, tsukani zitsulo za chokhethemulira ndi mafuta a laita omwe amauma okha osasiya kanthu, ndipo musathirenso oilo pamenepo kupatula kadontho kamodzi pa mapini. Ndaonapo mfuti zomwe eni ake ankati zatha ntchito zikuchira ndi zimenezi zokha.

Wa ku Nchalo:

Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndikufuna kuchenjeza za njira yachidule yomwe ambiri amathamangira akamva mtengo wa chokhethemulira chatsopano, yomwe ndi kupala chakalecho ndi tupa. Ine ndinachitapo zimenezi ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Ndinapereka mfuti yanga kwa mmisiri wina wodziwa bwino za njinga zamoto, amene anapala kachitsulo kotchedwa sear, komwe kamagwira msomali womenyera kufikira mutakoka. Inabwerako ili yofewa mosangalatsa. Patapita milungu itatu, ndikutseka bolt m'mphepete mwa munda wa nzimbe, mfuti inalira yokha chala chili kutali, ndipo chipolopolo chinalowa pansi pafupi ndi phazi la mnzanga. Zitsulo ziwirizi zimagwirana pa kamalo kochepa kwambiri, kosakwana milimita imodzi, ndipo pa mfuti zambiri ndi khungu lakunja lokha lomwe linalimbitsidwa ndi moto, choncho mukalipala mumafika pa chitsulo chofewa chomwe chimanka chidyeka tsiku ndi tsiku.

Nkhani imeneyi si ya amisiri a m'midzi okha. Mu Epulo 2014 kampani ya Remington inaitanitsa mfuti za Model 700 ndi Model Seven zokhala ndi chokhethemulira cha X-Mark Pro, zopangidwa kuyambira mu Meyi 2006, chifukwa zina zinkatha kulira popanda munthu kukoka. Ngati fakitale yokhala ndi mainjiniya inapunthwa pamenepa, tupa wa pamsika sangachite bwino kuposa iwo.

Za kulemera komwe mwafunsa, maganizo anga ndi akuti musatsike pansi pa kilogalamu imodzi ndi theka, omwe ndi mapaundi atatu ndi pang'ono, poti ogulitsa ambiri amalemba m'mapaundi. Zopepuka za magalamu ochepa n'za anthu a mipikisano amene amawombera mfuti itagona pa tebulo. Inu mumayenda nayo m'thengo, manja ali thukuta lokhalokha, nthawi zina mutatopa. Chimene chimakupotozani dzanja si kulemera kwenikweni, koma kukhukhuluza kuja, ndipo ubwino wa chokhethemulira chabwino ndi woti chimaduka mwadzidzidzi pamalo amodzi ngati kuthyola kamtengo kouma. Kaya mwaika chatsopano kaya mwangotsuka chakale, yesani mfuti ili yopanda chipolopolo: tsekani bolt mwamphamvu kakhumi, gunditsani thako lake pa mphasa, ikani safety, yomwe ndi loko woletsa mfuti kulira, n'kukoka chokhethemulira, kenaka chotsani chala ndi kumasula safety. Ikakhethemuka yokha ngakhale kamodzi, isatuluke m'nyumba.

Mayi wa ku Chikwawa boma:

Ndiwonjezereko ziwiri. Zokhethemulira za Timney ndi za makampani ena zimapangidwira mtundu umodzi wa mfuti, choncho mwana wa mlongo wanuyo mum'tumizire chithunzi cha zolemba zonse za pa chitsulo, kuopa kuti angakugulireni chosalowa, ndipo dziwani kuti nthawi zina pamafunika kusema pang'ono m'kati mwa thabwa kuti chikhale bwino. Komanso ichi ndi chipangizo cha mfuti, si chinthu choika m'chikwama cha zovala n'kudutsa nacho pa Mwanza mwakachetechete. Za mfuti m'dziko muno zimayendera lamulo la Firearms Act la 1967, ndiye pitani kupolisi komwe munatengera chiphaso mukafunse za chilolezo choitanitsira katunduyo asanagulidwe.

Mlimi wa ku Ngabu:

Zikomo nonse. Ndayesa njira ya chigubu ija madzulo ano. Koyamba chinakhethemuka pa malita awiri ndi theka, kachiwiri pa atatu, kachitatu chigubu cha malita asanu chinatsala pang'ono kufika pakhosi. Nditatsegula thabwa ndapezamo phala lakuda lomwe aphunzitsi amanena, pamodzi ndi mankhusu a mapira omwe sindikudziwa kuti analowa chaka chiti. Mawa ndikagula mafuta a laita, ndipo ndamuuza wa ku Joni uja kuti ayambe wadikira mpaka ndiyezenso Loweruka.