Mankhwala a dexamethasone (dexa) amafooketsa chitetezo, nanga bwanji anawapatsa mayi ali ndi covid?

Abale ndithandizeni, makamaka inu ogwira ntchito kuchipatala. Mu Januwale 2021 covid itavuta mayi anga anagonekedwa, anakhala pa oxygen sabata yathunthu ndipo mmawa uliwonse anesi amawapatsa dexamethasone mpaka anachira. Ndiye pano bambo aang'ono agwidwa chimfine, lero tsiku lachiwiri, thupi likutentha mphuno zatseka koma akupuma bwinobwino nsima akudya. Mayi akakamira kuti ndikagule "timapilitsi tomwe tija" kufamase poti ndi timene tinawapulumutsa iwowo. Ine ndawerenga kuti dexa amafooketsa chitetezo cha mthupi, mutu waima. Munthu ali ndi kachilombo nkumufooketseranso asilikali?? Ndigule kapena ayi? Bambowo ali ndi shuga.

Nachisale: Musagule chonde, ine ndine nesi. Kachilombo kakangolowa, maselo amene kawagwira amatulutsa interferon, kuli ngati kukuwa kuti wakuba uyooo anzawo atseke zitseko. Kenako ma T cell, omwe ndi asilikali a mthupi, amabwera kudzapha maselo ogwidwawo, ma antibody, omwe amagwira kachilomboko, nkumatsatira. Kutentha thupiko ndi nkhondo yomweyo. Nkhondo ikatha thupi limaponda buleki lokha, pali ma regulatory T cell omwe ntchito yawo nkuuza anzawo kuti basi zakwana. Kwa ena buleki imakanika, ma cytokine, timauthenga toitana asilikali kunkhondo, amachuluka, mapapo amatupa nkudzadza madzi, pamenepo chikumupweteka munthu kwambiri ndi asilikali ake omwe. Mayi anu anafika pamenepo, dexa anali wozimitsa moto. Kafukufuku wa RECOVERY ku Britain mu 2020 anapeza kuti 6mg patsiku amachepetsa imfa kwa odwala covid amene ali pa oxygen kapena pa makina opumira, koma kwa opuma okha sanathandize. Tsiku lachiwiri asilikali angoyamba kumene ntchito, mukawagoneka ndiye kachilombo kavina. Komanso dexa amakweza shuga koopsa.

Che Phiri: Ife timangofukiza bulugama ndi kumwa jinja basi kkkk

Nachisale: Jinjayo amwe palibe vuto, panado ndi madzi ambiri. Koma poti ali ndi shuga muziwayeza pafupipafupi, ndipo mukaona akubanika, akusokonezeka kapena thupi silikuzizira pakatha masiku atatu, thamangani nawo kuchipatala musadikire kuche.

Mwini funso: Zikomo anesi, ndamva. Vuto latsala nkuwauza mayi, andipatsa kale ndalama ya minibasi ndipo akhala pakhonde akundiyang'ana.